Comoros: Dziko Limene Eni Ake Akulithawa Usiku

Pakati pa chilumba cha Anjouan ndi chilumba cha Mayotte pali nyanja ya makilomita pafupifupi 70 basi. Pakanakhala pamtunda, wanjinga yamoto bwenzi akupita m'mawa n'kudzadyera nkhomaliro kwawo. Koma ndi pamadzi, ndipo madzi amenewa adya anthu. Lipoti la nyumba ya Senate ya ku France la mu 2012 linati kuyambira mu 1995, anthu apakati pa 7,000 ndi 10,000 anathera pamenepa. Chiwerengerocho n'chakale, padutsa zaka zoposa khumi, ndipo maboti sanasiye kunyamuka. Dziko la Comoros lili ndi anthu osakwana miliyoni imodzi. Ndi mudzi uti wa ku Anjouan umene sunakhalepo pa maliro opanda mtembo?

Boti lake amalitcha kwassa-kwassa. Ndi kaboti ka asodzi, kopepuka, ka mamita 7 kapena kuposerapo pang'ono, injini kumbuyo, denga kalibe. Anthu ochepa akakwera ndiye kuti kadzaza, koma eni ake amalongamo 20, 30, mpaka madzi kutsala pang'ono kulowa. Kamanyamuka kutada, nyali atazimitsa, kuopa apolisi a France amene amalondera panyanjapo. M'katimo mumapezeka mayi woyembekezera amene masiku ake akwana, atakhalira chigubu cha petulo. Bambo wa shuga amene chilonda cha kuphazi chakana kupola. Mnyamata wa satifiketi ya ku yunivesite, atayikulunga m'jumbo kuti isanyowe. Kamwana kotumizidwa kokha, kakalandiridwe ndi azakhali ake kutsidya. Onsewa alipira ndalama zimene banja lasonkha, pena lagulitsira ng'ombe. Palibe amene sadziwa kuti boti likhoza kugubuduka. Mu November 2024 bungwe la IOM linanena kuti anthu osachepera 25 anafa pamene ozembetsa anthuwo anagubuduza boti usiku, mwadala, amayi ndi ana ali momwemo.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi wokwera kaboti kameneka sindingamuweruze. Funso langa likupita kwa amene atsala kumtunda atavala masuti: dziko limafika pati kuti mayi wapakati aone kuti bola nyanja yausiku kusiyana ndi chipatala cha kwawo?

Zilumbazi si zakutali nafe. Zili panyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, makilomita pafupifupi 300 kuchokera kugombe la Cabo Delgado. Chilankhulo chawo, Shikomori, n'chachibale ndi Chiswahili, ndipo pakati pa makolo awo pali Amakua amene anatengedwa ukapolo kuchokera kumtunda kuno. Ku Ngazidja, chilumba chachikulu kumene kuli likulu la Moroni, nyumba ndi ya mkazi, mwamuna amakakhala kuchikamwini, ndipo minda ya banja imatsata kuchikazi, zimene Mchewa sangadabwe nazo. Zilumbazo zilipo zinayi: Ngazidja, Anjouan, Mohéli ndi Mayotte. Pa riferendamu ya mu December 1974, zitatu zinavotera ufulu wodzilamulira, Mayotte inakana. France inawerenga mavotiwo chilumba ndi chilumba m'malo mowerenga dziko lonse pamodzi, n'kusunga Mayotte. Pa 6 July 1975 Ahmed Abdallah analengeza ufulu. Mu 1976 nkhani ya Mayotte itafika ku Security Council ya United Nations, France inaitchinga yokhayokha ndi mphamvu yake ya veto. Mu January 1995, nduna yaikulu ya France ali Édouard Balladur, kunabwera lamulo loti Mkomoro wofuna kukaona mlongo wake ku Mayotte ayambe wapeza viza. Ulendo umene makolo ankayenda masana unasanduka wausiku kuyambira pamenepo. Mu 2011 Mayotte inakhala chigawo chenicheni cha France.

Mlandu wa alendo ulipo, ndipo ndi waukulu. Ufulu usanathe ndi mwezi womwe, pa 3 August 1975, Abdallah anachotsedwa pampando, ndipo amene anathandiza kukamugwira anali Bob Denard, msilikali waganyu wa ku France. Mu May 1978 Denard yemweyo anakocheza usiku ndi anyamata ake osapitirira 50, n'kuchotsa pulezidenti Ali Soilih amene anamugwirira ganyu poyamba paja, n'kubwezeretsa Abdallah. Soilih anaphedwa mwezi womwewo. Kwa zaka 11 Denard ndiye anali mwini mudzi. Analowa Chisilamu, anatenga dzina lakomweko, anakwatira komweko, ndipo gulu lake lolondera pulezidenti linkadya ndalama za boma latsankho la South Africa, limene linkagwiritsa ntchito zilumbazi pozemba ziletso zimene mayiko analiikira. Mu November 1989 Abdallah anawomberedwa usiku, Denard ali pomwepo, ngakhale khothi la ku Paris linadzamupeza wosalakwa mu 1999. Mu 1995 mkulu uja anabweranso, imvi zili mbuu, n'kugwira pulezidenti Said Mohamed Djohar, mpaka asilikali a France anachita kubwera kudzamutenga. Kuphatikiza kulanda boma ndi kuyesera kulanda, zachitika koposa ka 20 chilandirireni ufulu.

Komatu Denard anamwalira mu 2007. Ndipo ngakhale pamene anali moyo, anthu 50 sangagwire dziko zaka 11 popanda wowalozera njira, wowaphikira, wowanong'oneza kuti mdani wanga amagona nyumba iyo. Nthawi zonse pankapezeka mwana wa m'dzikomo, wovala bwino, wosaphonya mapemphero, amene ankaona kuti mpando wopatsidwa ndi mlendo wamfuti ndi mpando ndithu. Anthu anaonerera, n'kuphunzira. Boma anayamba kulitenga ngati njovu yogwa m'tchire: wafika ndi mpeni, adulepo yake, athamangire kwawo.

Mu 1997 anthu a ku Anjouan anatopa, nati Moroni ikudya yokha. Analengeza kuti achoka m'dzikomo, ena akukweza mbendera ya France m'misewu ya Mutsamudu, kupempha mtsamunda kuti awatengenso. France inakana. Taganizirani manyazi ake: zaka 22 chilandirireni ufulu, ana a ufuluwo akupempha kubwerera kwa bwana, bwanayo n'kupukusa mutu. Mohéli nayo inatsatira. Mu April 1999 Colonel Azali Assoumani analanda boma, ndipo mgwirizano wa ku Fomboni wa mu 2001 unabweretsa njira yoti upulezidenti uzizungulira, chilumba chilichonse nthawi yake. Njirayi inali yodula. Chilumba chilichonse chinali ndi pulezidenti wake, nduna zake, nyumba yake ya malamulo, moti kadziko kameneka kanali ndi mapulezidenti anayi, aliyense akufuna galimoto, mafuta ndi omulondera. Mu 2008 asilikali a African Union, ambiri ochokera ku Tanzania ndi Sudan, anachita kukocheza ku Anjouan kukachotsa Mohamed Bacar amene anakakamira pampando. Komabe kasinthasinthayu anagwira ntchito. Azali anapereka mpando kwa Ahmed Abdallah Sambi wa ku Anjouan mu 2006, Sambi n'kupereka kwa Ikililou Dhoinine wa ku Mohéli mu 2011, mfuti osalira. Linali pangano loti ngakhale mwana amalimva: dikira, nthawi yako ifika.

Azali atabwereranso mu 2016, anaona kuti kudikira n'kwa ena. Riferendamu ya mu July 2018, imene otsutsa anainyanyala, inamulola kuimanso, inathetsa khothi loona za malamulo aakulu a dziko, inathetsanso maudindo a achiwiri kwa pulezidenti. Nthawi ya Anjouan inali mu 2021. Inadutsa.

Koma nkhani imene imandiwawa kuposa zonse ndi ya mapasipoti. Mu 2008, nthawi ya Sambi, kunakhazikitsidwa lamulo logulitsa unzika. Ku United Arab Emirates ndi ku Kuwait kuli anthu otchedwa Bidoon, obadwira komweko koma osawerengedwa ngati nzika. M'malo mowapatsa unzika wa kumene anabadwira, anawapezera mapasipoti a Comoros, dziko limene ambiri a iwo sanalipondepo. Eni dziko analonjezedwa kuti ndalamazo zimanga misewu ndi kubweretsa ntchito. Lipoti la aphungu la mu 2018 linapeza kuti mapasipoti pafupifupi 48,000 anatuluka, ena kudzera khomo lakumbuyo, ndipo ndalama zochuluka sizinafike m'thumba la boma. Sambi anaikidwa pa ukaidi wosachoka panyumba chaka chomwecho, ndipo mu November 2022 anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Iye amakana mlanduwo, omutsatira amati n'zandale. Chimene palibe angakane n'chakuti dzina la dziko linayalidwa pamsika. Pamene pasipoti ya Comoros inkagulidwa ndi madola ku Gulf, mwini wake weniweni anali kugulitsa ng'ombe kuti alithawe dziko lomwelo.

Tsono boma lotanganidwa ndi mipando ndi malonda otere, anthu limawapatsa chiyani? Magetsi ambiri amachokera ku majenereta, dizilo wake wochita kubwera pa sitima. Sitima ikachedwa kapena jenereta ikafa, midzi yakutali ndi Moroni imakhala masiku mumdima. Kampani ya boma ya magetsi ndi madzi, MA-MWE, anaigawa pawiri n'kuipatsa mayina atsopano, SONELEC ndi SONEDE, koma mdima suwerenga zikwangwani. Nsomba za msodzi zimaola, mankhwala ofuna furiji amawonongeka, wowotcherera zitsulo amakhala manja lende. Mpunga, chakudya cha tsiku ndi tsiku, pafupifupi wonse umachokera kunja, ndipo kwa zaka zambiri kampani ya boma ya ONICOR ndiyo yokha inkaloledwa kuitanitsa mpunga wa anthu wamba. Mu 2022 unasowa, anthu n'kumakankhana pamizere kulimbirana thumba. Aphunzitsi kunyanyala ntchito chifukwa cha malipiro si nkhani yodabwitsanso aliyense. Chipatala chachikulu cha El-Maarouf ku Moroni anachigwetsa mu 2017 kuti amange chamakono chansanjika, zaka n'kumadutsana odwala akuonera makoma ali panja. Wandalama akadwala amakwera ndege kupita ku Dar es Salaam, Antananarivo kapena Paris. Wosauka amafunsa mtengo wa kwassa.

Ku Ngazidja kulibe mtsinje woyenda chaka chonse, chifukwa nthaka yake ndi miyala ya chiphalaphala cha phiri la Karthala, mvula ikagwa imangolowerera pansi. Mabanja ambiri amadalira zitsime za simenti zokololera madzi a padenga. Kolera italowa pa sitima yochokera ku Tanzania kumayambiriro kwa 2024, sinapeze woiletsa. Inapha anthu oposa 100, ambiri a ku Anjouan. Munthu akafa ndi kolera masiku ano, pali wina mu ofesi amene anasaina mapepala a madzi, madziwo osafika.

Anjouan inali ndi mitsinje yambiri, ndipo yambiri yauma. Kuti mumvetse, dzukani m'bandakucha. Dzuwa lisanatenthe, amayi amalowa m'minda ya ylang-ylang ndi madengu, kuthyola maluwa achikasu limodzilimodzi pa mitengo imene eni ake amaidulira kuti isatalike. Amalipidwa pa kilogalamu. Maluwawo amawathira m'chimphika chachitsulo, pansi pake moto wa nkhuni woyaka maola ambirimbiri, nthunzi n'kumadutsa mumpope wozizira, mafuta n'kumadontha pang'onopang'ono. Maluwa makilogalamu 40 kapena 50 ndi amene amatulutsa lita imodzi. Comoros ndi limodzi mwa mayiko otsogola padziko lonse pa mafuta amenewa, amene amalowa m'maperefyumu odula monga Chanel No. 5. Nkhuni za motowo zimatsika kuphiri. Nawo ofuna minda akukwerera komweko, poti chilumbacho chadzaza. Nkhalango ikatha, kasupe amauma, ndipo mayi yemwe uja wothyola maluwa onunkhiritsa Paris amakatunga madzi kutali. Mtengo wa mafutawo, wa cloves ndi wa vanila amaukhazikitsa ndi ogula akunja, mlimi amangomva.

Ndiye dziko likukhalira chiyani? Likukhalira ana ake amene anachoka kale. Ku Marseille kuli Akomoro masauzande ambirimbiri, otsuka m'maofesi, ophika m'malesitilanti, olondera usiku. Ndalama zimene amatumiza kwawo zimakwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chuma chonse cha dziko, kuposa kutalitali zimene mbewu zonse zogulitsa kunja zimabweretsa.

Apa ndiyankhule mosanyengerera, chifukwa amene asokera si andale okha. Ku Ngazidja kuli mwambo wa anda, ukwati waukulu. Mwamuna akhoza kukwatira mwakachetechete ali mnyamata, kubereka ana, kumera imvi, koma ngati sanachite anda, pabwalo la mudzi ndi mwana. Sayankhula pamaso pa akuluakulu, sakhala kutsogolo mumzikiti, savala mkanjo ndi nsalu yapaphewa ya anthu olemekezeka. Kuti achite anda amasunga ndalama zaka 10, pena 20, akugona m'kachipinda kozizira ku France, akudzimana ndi tiyi yemwe. Ikafika July ndi August, ndege zimadzaza. Ng'ombe zimagwa, mpunga umaphikidwa wodya mudzi wonse masiku angapo, golide wa mkwatibwi amamuyala poyera aliyense aone, oimba twarab amachezera, ndalama zamapepala zikuperekedwa anthu akuwerenga. Mayuro masauzande makumi angapo amatha m'sabata imodzi kapena ziwiri. Mawa lake munthu uja ndi wolemekezeka, akatsokomola pabwalo anthu amakhala chete, ngongole ili m'khosi.

Sindikunyoza mwambo wa eni. Pa anda wosauka amadya nyama, ubale umamangidwa, ndipo wolandira lero adzabweza mawa. Komanso magulu a anthu a mudzi umodzi okhala ku France ndi amene amanga masukulu, zipatala zing'onozing'ono, misewu ndi mizikiti m'midzi yambiri, ntchito imene boma linaithawa. Anthu amenewa ndi olimbikira ndiponso opatsa. Chondidandaulitsa n'chakuti mtima wopatsawo umathera pa malire a mudzi. Ndalama ya gulu la mudzi ikasowa, wakubayo sagona tulo, dzina la banja lake lada mpaka adzukulu. Ya boma ikasowa, amati mwana wathu watola chikwama, makamaka akabwera nayo kudzaphera ng'ombe. Ndani amafunsa kuti kalaliki wa malipiro ochepa golide yenseyu wamutenga kuti? Wamkulu amene wadzaza ofesi ndi abale a kwawo osadziwa ntchito, kumudzi ndi ngwazi. Amene wakana amati wodzikonda, waiwala kumene anachokera. Ulemu ukuyezedwa ndi ng'ombe zimene munthu wagwetsa, ntchito imene anamutuma palibe akuifunsa. Wandale akudziwa bwino lomwe zimenezi. Avutikirenji kukonza chipatala pamene a ku Marseille atumiza ya tikiti? Amangirenji sukulu pamene mudzi usonkha wokha? Chifundo cha ana akunja chasanduka mtsamiro wa anthu osagwira ntchito, ndipo munthu amene sayembekezeranso kanthu ku boma, salifunsanso kanthu.

Ali Soilih anayesa kuzula zonsezi tsiku limodzi. Analimbana ndi anda ndi maliro owononga chuma, anatentha mafayilo a boma, anatsitsa zaka zovotera kufika pa 14, n'kupereka mphamvu kwa achinyamata amene ankazunza akuluakulu m'midzi. Atagwa, anthu anavina m'misewu. Matenda anawaona ndithu, koma mankhwala ake anali chikwapu. Chichokereni iye atsogoleri nkhaniyi amailambalala, poti mavoti ali m'manja mwa olemekezeka a pabwalo.

Kuti anthuwa akhoza kukhala a mtima umodzi, zinaoneka mu January 2022 ku Cameroon, mpikisano womwe uja Flames inafika mu ndime ya matimu 16. Comoros, koyamba kulowa AFCON, inathambitsa Ghana 3-2, kenako inakumana ndi eni bwalo pagolo pali wosewera kumbuyo, poti magoloboyi onse anali odwala kapena ovulala, n'kugonja mwaulemu 2-1. Anavina ku Moroni, anavina ku Mutsamudu, anavina ku Marseille, wina osafunsa mnzake chilumba chake. Koma osewera ambiri anabadwira ndi kuphunzirira mpira ku France. Nacho chimwemwe chinachita kutumizidwa kuchokera kunja.

Kutsidyako si kumwamba ayi. Mayotte ndi chigawo chosaukitsitsa cha France, ndipo pafupifupi theka la okhalamo ndi alendo, ambiri ochokera ku zilumba zitatu zija, okhala m'zisakasa zamalata m'mapiri ozungulira Mamoudzou. Zaka zambiri zapitazi France yakhala ikubweza anthu oposa 20,000 pachaka. Makolo akabwezedwa, ana amatsala okha n'kukulira mumsewu, ena n'kulowa m'magulu achiwawa. Anthu a ku Mayotte, a magazi amodzi ndi chipembedzo chimodzi, anafika pogwetsa nyumba za abale awowa n'kuwapirikitsa m'midzi. Boma la Moroni likaima pa msonkhano limati Mayotte ndi yathu, Mkomoro kumeneko ali kwawo. Mu 2019 boma lomwelo linasainirana ndi Paris kuti lilandire mayuro 150 miliyoni, n'kulonjeza kuthandiza kuletsa maboti. Mu April 2023 France itayamba ntchito ya Wuambushu, yogwetsa zisakasa ndi kubweza anthu, Moroni inakaniza sitima ya obwezedwa kukocheza ku Mutsamudu. Mu May, sitimayo inayambanso kukocheza. Namondwe Chido, yemwe uja anapitirira kudzawononga ku Cabo Delgado, ku Nampula mpaka kuno ku Malawi, atagunda Mayotte pa 14 December 2024 anasesa zisakasazo, ndipo kunamveka kuti ambiri opanda mapepala sanapite kumalo obisalako poopa kuti ndi msampha wa apolisi.

Pa 14 January 2024 kunali chisankho cha pulezidenti. Bungwe loyendetsa chisankho linati Azali wapambana, linanenanso kuti amene anavota anali 16 peresenti yokha. Achinyamata anatseka misewu ya Moroni, boma linaletsa kuyenda usiku. Kenako khothi lalikulu linatulutsa chiwerengero chake, loti ovota anali oposa theka. Manambala awiriwa sangakhale oona onse, ndipo ine ndimakhulupirira loyambalo, chifukwa munthu amene magetsi, mankhwala ndi fizi ya mwana amazilandira kuchokera kwa mchimwene wake wa ku Marseille, akaimirenji padzuwa pamzere? Chaka chomwecho pulezidenti anasankha mwana wake, Nour El Fath, kukhala mlembi wamkulu wa boma, ndi mphamvu zoyang'anira ntchito za nduna. Mu September msilikali wina wachinyamata anavulaza pulezidenti ndi mpeni pamaliro. Tsiku lotsatira anapezeka atafa m'chitokosi. Mu January 2025, pa chisankho cha aphungu chimene otsutsa ambiri anachinyanyala, chipani cholamula chinakokolola mipando, mwana uja n'kukhalanso phungu. Boma likulonjeza kuti pofika 2030 Comoros idzakhala pa njira ya mayiko otukuka. Nthawi ya Azali ikutha mu 2029. A ku Anjouan, amene anauzidwa kuti adikire 2021, tsopano akuuzidwa kuti adikire chaka chimenecho, uku akuona mwana wa mwini mpando atakhala kale pafupi nawo.